Jeneza Itaima pa Geti Lakumbuyo

Ntchito ya pa koleji ndinaipeza ndili pa kabaza. Tsiku lina ndinanyamula mayi ena pamsika wa paboma, atakumbatira sipika pamiyendo, akuti akupita nayo kwa okonza mawailesi. Ndinawafunsa kuti yatani. Anati ikumangokhosomola, mawu osatuluka. Ndinaimika njinga pansi pa mtengo, n'kutsegula kumbuyo kwa sipikayo ndi nsonga ya mpeni, ndipo ndinapeza kuti ndi waya chabe wathothoka. Ndinalumikiza pomwepo. Mayiwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi anga odukaduka.

"Iwe ukutani pa kabaza?" anandifunsa.

"Ndikusaka ya ndiwo, mayi."

Amenewo anali Mayi Kachingwe, omwe ankayang'anira zochitika za anthu a m'dera pa koleji ina ya ntchito zamanja m'tauni ya Mangochi. Za zimkuzamawu ndinali nditaphunzira kwa amalume anga, Che Bwanali, omwe ankabwereketsa zida pa maukwati ndi pa misonkhano ya kumzikiti, mpaka magetsi atabwera mwaukali tsiku lina n'kutentha zonse. Lolemba lotsatira ndinayamba ntchito pa koleji. Ndinasangalala mopusa. Njinga ndinabwereketsa mnzanga, n'kukagula malaya a kolala pa kaunjika, ndikuganiza kuti zopalasa ndathana nazo.

Ntchito yanga inali ya zida ndi kuitana anthu. M'kachipinda ka zida munali jenereta, mikisa, amplifaya, masipika awiri oimika pa miyendo yachitsulo, maiki ya chingwe, ndi ina yopanda chingwe yomwe inkadya mabatire mosachita manyazi. Zimenezi zili ndi ndondomeko yake. Umayamba kuliza jenereta n'kuidikira kuti ikhazikike, kenako mikisa, pomalizira amplifaya. Pozimitsa umayambira ku amplifaya n'kumabwerera m'mbuyo. Ukasemphanitsa, masipika amaphulika mawu, ndipo tsiku lina amapsa ukuona. Zingwe sukulunga pachigongono chifukwa zimathyokera mkati, ndipo podutsa anthu umaziphimba ndi mphasa. Maiki suilozetsa ku sipika, imaimba mluzu wopweteka m'makutu. Zida zikakhala kuti zili bwino, ndinkamangirira megafoni pa njinga ya koleji n'kumazungulira m'makwalala, kulengeza m'Chichewa kenako m'Chiyao, kuti wina asadzati sanamve.

Zochitika zinali zambiri. Tinkaonetsa makanema a ulimi wa nsomba m'madamu, azachipatala ankabwera kudzakamba za likodzo, ana a sukulu ankachita mtsutso, magulu ovina beni ankapikisana mpaka fumbi kobo. Koma mtima wa Mayi Kachingwe unali pa kalasi ya amayi ya Loweruka, ya kuwerenga ndi kulemba. Mphunzitsi ndi mabuku zinkachokera ku bungwe lina la ku Lilongwe. "Zovinazi ndi nyambo chabe, Twaibu," ankandiuza. "Nsomba yake ndi kalasi ija."

Vuto linali loti anthu oyandikana ndi koleji sankaikonda. Pomanga mpanda wa njerwa, unadula njira yakale yopita kumanda. Kunali mkangano waukulu nthawi imeneyo, ine ndili mwana, mpaka anagwirizana kuti pakhale kageti kumbuyo, ndipo maliro akachitika, geti lakumbuyo ndi lakutsogolo azitsegula, jeneza izidutsa pakati pa koleji monga kale. Jeneza ndi chonyamulira maliro chathu Asilamu. Amuna amainyamula paphewa, kumalandirana akuyenda, akutchula dzina la Mulungu, ndipo sitikonda kuti iime panjira. Ikamadutsa pa koleji, makina a ukalipentala ankazimitsidwa, aphunzitsi ndi ophunzira n'kuimirira phee. Panganolo linkasungidwa, komabe anthu ankayang'ana mpanda uja ndi diso lofiira. Ndikamalengeza za kalasi, azibambo ankanditcha kapolo wa mpanda. Amalume anga omwe anandifunsa ngati ndayamba kulipidwa kuti ndizisokosera abale anga.

Yemwe anayamba kuthetsa chidani chimenechi anali Abiti Saidi, mayi wamasiye wogulitsa usipa pamsika. Anali wamfupi, wa pakamwa posatopa, ndipo akakuseka unkamva mpaka mawa lake. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dauda, anali ku Joni monga anyamata ambiri a kwathu, ndipo ankawatumizira mauthenga pa kafoni ka mabatani. Owawerengera anali ana a oyandikana nawo nyumba, ndipo dzuwa lisanalowe msika wonse unkakhala utadziwa zomwe Dauda wanena. "Ndatopa kubwereka maso," anawauza Mayi Kachingwe tsiku loyamba. Loweruka lotsatira anabwera ndi anzawo a pamsika, kenako a kumzikiti, mpaka mipando inayamba kuchepa. Ine ankanditcha Che Fokasi, dzina longopeka okha pondiseka za megafoni, ati ndimalankhula kwambiri koma mkazi ndilibe. Ankagwira pensulo ngati akugwira mpeni wotumbulira nsomba. Atalemba dzina lawo koyamba anazungulira nalo kalasi yonse, kenako anadzandionetsa ine ku chipinda cha zida.

Chaka chikupita kumapeto, a bungwe aja analemba kuti abwera kudzaona ndi maso, kuti aganize ngati apitirize kuthandiza kalasiyo kapena asamukire boma lina. A Pulinsipolo anakonza tsiku la chionetsero: matenti, magule a beni ndi sikiri, zosoka ndi zopala za ophunzira, ndipo pachimake amayi a kalasi adzawerenge pa maiki pamaso pa alendo. Woyamba kuwerenga anali woti adzakhale Abiti Saidi. Ankabwera masana akaweruka pamsika kudzazolowera maiki. Ankaigwira kutali ngati iwaluma, ine n'kumawakankhira kukamwa, iwo n'kumandinena kuti ndilibe ulemu.

Chionetsero chitayandikira, kunamveka kuti Dauda wamwalira ku Joni. Anangodwala pang'ono, basi. Ena ananena kuti aikidwe komweko mwamsanga monga chipembedzo chimafunira, koma mayi ake anakana, anati adzagone pafupi ndi bambo ake. Anzake kumeneko anasonkherana, thupi linanyamuka pa galimoto ya katundu yokoka ngolo. Amene amadziwa maulendo amenewa akudziwa kuti tsiku lofika palibe amalidziwa. Galimoto imagona m'maboda, imaphulika matayala, imadikira mapepala. Anthu anasonkhana pa nyumba ya siwa, kuseri kwenikweni kwa mpanda wathu, n'kumadikira.

Mayi Kachingwe anaimbira a ku Lilongwe kupempha kuti tsiku lisinthe. Anayankhidwa kuti pulogalamu ya mabwana yadzaza mpaka chaka chamawa. Tinapita awiri ku siwa, iwo kwa amayi m'nyumba, ine kwa azibambo panja. Akuluakulu, pamodzi ndi amalume anga, anakambirana kwa nthawi. Kuimba ng'oma pafupi ndi maliro ndi mwano, aliyense amadziwa. Chinawafewetsa ndi mawu omwe anachokera m'nyumba. Abiti Saidi anatumiza uthenga kuti anzawo apite akawerenge, kalasi isafe chifukwa cha iwo, maliro amodzi akwana. Ndiye akuluakulu anati, "Chitani zanuzo. Koma thupi likafika, zonse zii, ndipo njira ikhale yotsegula." Tinavomera. Pobwerera Mayi Kachingwe anangoti, "Tipemphere galimotoyo ifike Lamulungu."

Tsikulo linali Loweruka. Ndinalawirira kukaimika masipika, kuyala zingwe ndi kuyesa maiki. Matenti tinawakhoma cham'mbali, njira ya jeneza tinaisiya poyera, ndipo alonda anali ndi kiyi wa geti lakumbuyo m'thumba. Pulogalamu inati tiyambe m'mawa, tithe anthu asanapite ku swala, pemphero lathu la masana. Amayi a kalasi anafika msanga, onse atavala zitenje zofanana ndi mipango yoyera, makope ali m'manja. Avinidwe a beni anavala zausilikali zawo n'kukhala pamthunzi. Alendo okha ndiwo kunalibe. Tinadikira mpaka ana omwe anabwera kudzaimba anayamba kugona pa mipando. Ine ndinkaika nyimbo motsitsa kwambiri, mtima uli m'mwamba.

Anafika dzuwa lili paliwombo, pa galimoto yoyera yaitali. Dalaivala atatsitsa mabwana anakaimika galimoto pansi pa mtengo wa nimu, pomwe panali mthunzi wokhawo wotsala. Mtengowo uli pa geti lakumbuyo penipeni, ndipo getilo ndi laling'ono, limatsegukira mkati. Ndinathamanga kukamuuza.

"Achimwene, apa ndi panjira ya maliro. Muisunthe."

"Osadandaula, ndichotsa pompano. Injini ingozizira kaye."

Ndinabwerera ku mikisa chifukwa a Pulinsipolo anali atagwira kale maiki. Pemphero, malonje, kenako beni inalowa m'bwalo, ng'oma ndi mawezulo zili pakamwa. Apa foni yanga inanjenjemera m'thumba. Anali msuweni wanga, akuimba kuchokera ku siwa. Anati galimoto ya maliro inafika kale, thupi layenda masiku ambiri ndipo silingadikire, akangoswalira anyamuka.

Ndinakawanong'oneza Mayi Kachingwe. Nkhope yawo inagwa. Anapita kukagwada pafupi ndi mpando wa a Pulinsipolo, ndipo ndinaona a Pulinsipolo akuyang'ana wotchi, kenako alendo, kenako wotchi. Musaganize kuti anali munthu woipa. Mwambo ankaudziwa bwino, koma madzi anali atawafika m'khosi. Anadula beni pakati, anadumpha sikiri, n'kupempha mlendo wolemekezeka kuti alankhule mwachidule, kuti amayi awerenge jeneza isanafike. Mayi Kachingwe anatuma alonda kuti akatsegule geti ndi kufuna dalaivala. Podutsa pa tebulo langa anati, "Amaliro akayandikira utsitse mawu. Tatsala pang'ono, Twaibu."

Bwanayo sankadziwa mawu oti mwachidule. Anayambira pa mbiri ya bungwe lawo, n'kupita ku maboma onse omwe anayendako. Ali mkati mofotokoza kufunika komvera anthu a m'madera, ndinamva mawu kuseri kwa mpanda, otsika, a amuna ambiri pamodzi, akubwera mofulumira. Laa ilaaha illallah. Alonda anabwera akuthamanga, thukuta lili kamukamu. Loko anali atatsegula, koma geti linkangogunda bampala ya galimoto, mpata wake wongokwana mkono. Dalaivala kunalibe. Mabwana anali atamutuma kudoko kukagula chambo, ndipo anamuuza kuti akwere kabaza, chifukwa ogulitsa akaona galimoto ya bungwe amakweza mtengo. Anapita ndi makiyi m'thumba. Titaimba foni yake, inalirira m'galimoto momwemo, pa chaja.

Sindinatsate ndondomeko ija. Ndinadumpha zingwe n'kukazimitsa jenereta. Masipika anaphulika mawu kamodzi, mawu a bwana anathera pakati pa chiganizo, ndipo bwalo lonse linamva zomwe ine ndinkamva. Jeneza inali itafika pa geti. Pamwamba pa mpanda pankaoneka nsalu yobiriwira yomwe amaphimbira, itaima. Wina anagogoda chitsulo cha geti ndi dzanja, modekha, ngati mlendo woodira pakhomo.

Anyamata a ukalipentala ndi avinidwe a beni anathamangira galimoto ija kuti aikankhe. Inali pa giya, buleki ya pamanja ili yokoka. Anati ainyamule kumbuyo. Atangoigwedeza, alamu inayamba kulira. Ine ndinali nditazimitsa zanga zonse, koma chinthu chimenecho panalibe wochizimitsa. Chinalira, n'kusintha kaliridwe, n'kuliranso, magetsi ake akuphethira, pamene kunja kwa mpanda anthu anali ataima padzuwa ndi Dauda paphewa. Ndinapita pa mpata wa geti uja. Maso oyamba kukumana nawo anali a amalume anga. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero, "tinagwirizana chiyani?"

Ndinati dalaivala akubwera, adikire pang'ono. Anapukusa mutu. Ndinaona jeneza ikutembenuka pang'onopang'ono m'kanjira kopanikiza kaja, anthu akuponderezana ndi mpanda kuti ipeze malo. Inabwerera momwe inadzera, kudutsanso pakhomo pa mayi a Dauda omwe anali atatsanzikana nayo kale. Kulira komwe kunabuka m'nyumba ija kunaposa alamu. Kenako anazungulira ku msewu wa tala, kudutsa pa depoti pakati pa maminibasi ndi oitanira, ulendo wautali pa dzuwa la Mangochi, kuti akafike kumanda komwe kunali kungodumpha bwalo lathu.

Nditacheuka, amayi a kalasi anali ataimirira. Palibe anawauza. Mmodzimmodzi anaika kope lake pampando, pensulo pamwamba, n'kutulukira geti lakutsogolo. Mayi Kachingwe anaima pakati pa njira manja ali m'mwamba pang'ono, koma sanaletse aliyense, ndipo sakanatha. Otsatira anali makolo, kenako avinidwe, ng'oma zili kukhwapa. M'matenti munatsala alendo, aphunzitsi ndi mipando. Bwana uja anafunsa a Pulinsipolo ngati magetsi abwerenso kuti amalize mawu ake. Dalaivala anatulukira patapita nthawi, ali pa kabaza, bokosi la chambo lili pamiyendo, akudabwa kuti anthu apita kuti.

Masana amenewo ndinakulunga zingwe ndekha. Sipika imodzi inali itapsa chifukwa cha kuzimitsa kuja. Makope ndinawatolera n'kukawaika m'kabati ya Mayi Kachingwe. Ndinawapeza atakhala pansi, pasimenti, nsapato atavula. Sanandidzudzule za jenereta ndipo sanandiyamikire. Anangoti, "Chaka chonse, Twaibu."

Loweruka lotsatira tinatsegula kalasi, tinasesa, mphunzitsi analemba pa bolodi. Sikunabwere munthu. A Pulinsipolo anapita ku siwa kukapepesa, anthu anawalandira mwaulemu, anawayalira mphasa, anamva mawu awo, n'kuwaperekeza. Kupepesa kunalandiridwa koma amayi sanabwerere. Ndinazungulira ndi megafoni milungu ingapo. Azibambo sankanditchanso kapolo wa mpanda, ankangoyang'ana kumbali, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa. A bungwe analemba kuti aona kuti anthu a deralo alibe chidwi chokwanira ndi maphunziro a akuluakulu, n'kusamutsa thandizo. Mlendo ndi mame, amatero akulu, koma mame awa anatisiyira chilala. Zochitika zinachepa mpaka kutha, ndipo ntchito yanga inatha nazo. Mayi Kachingwe anapempha kusamutsidwa. Ine ndinakatenga njinga yanga kwa mnzanga uja. Amalume timapatsana salamu pa mzikiti, koma za zimkuzamawu sitinakambenso.

Abiti Saidi ndinkawazemba. Pamsika ndinkadzera mzere wa tomato kuopa mzere wa usipa. Koma tauni yathu ndi yaing'ono. Tsiku lina m'mawa ndikutsitsa kasitomala, ndinamva, "Che Fokasi." Anali atachepa thupi, mawu atatsika. Ndinatsika panjinga, ndinawapatsa moni, n'kuyamba kupepesa. Anandidula ndi dzanja.

"Galimoto sinali yako. Khala apa."

Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kafoni kaja. Anati muli uthenga womaliza wa Dauda, womwe unafika asanadwale. Sanapatse mwana aliyense kuti awawerengere. Ankausunga kuti adzauwerenge okha likadzapita tsiku la chionetsero, atalimba mtima. "Ndimautsegula," anatero. "Mawu oyamba ndimawadziwa, akuti Amayi. Enawo ndi aatali, tinali tisanafike. Ndiye zilembo zayamba kundithawa. Ndiwerengere iweyo, sulankhula zapamsika."

Ndinawauza kuti ndikhoza kumabwera kudzawaphunzitsa pang'onopang'ono mpaka adzawerenge okha. Anaseka pang'ono, osati kuseka kwawo kuja. Anati mutu sukugwiranso, ndipo atopa kudikira. Ndinatenga foni ija n'kuwerenga.

"Amayi mwadzuka bwanji. Kuno kukuzizira kwambiri. Ndamva kuti mukupita kusukulu. Mukadziwa kulemba mudzandiyankhe nokha."

Anayang'ana mulu wa usipa. Kenako anati ndibwerezenso. Ndinabwereza. Analandira foni, anaimanga pa mfundo paja, n'kuyamba kuingitsa ntchentche pa usipa ndi kanthambi. Kunabwera wogula, anamuyezera mbale. Ine ndinakankha njinga mpaka kuseri kwa msika, chifukwa kupalasa sindikanatha, ndipo ndinalira ngati mwana.

Masiku ano ndimapalasa kabaza, ndipo nthawi zina anthu amandiitana kukagwira zimkuzamawu pa ukwati kapena pa msonkhano. Ndikafika pamalo, ndisanatsitse ngakhale chingwe chimodzi, ndimafunsa eni dera kuti maliro amadzera pati. Galimoto ikaima pamenepo ndimaimirira pambali pake mpaka isunthe, ndipo mawu oti pompano sindiwamvanso. Madalaivala amanditukwana, ena amati ndine wamisala. Phunziro lake ndi lomwelo basi, ndipo ndi laling'ono moti limandichititsa manyazi ndikaganiza zomwe linadya. Silinabweze mayi ngakhale mmodzi m'kalasi. Makope aja mwina akadali m'kabati, ngati chiswe sichinawapeze. Uthenga wa Dauda sunayankhidwe mpaka lero.